Mwana Akapalamula: Mmene Malamulo a Dziko Lathu Asinthira

Sabata ino tiyeni tiyang'ane m'mbuyo, tione mmene dziko lathu la Malawi lakhala likuchitira ndi ana opalamula milandu.

Kwa zaka zambiri milandu yotere inkayendetsedwa ndi lamulo la mu 1969 lokhudza ana ndi achinyamata. Masiku amenewo mwana wa zaka 7 zokha ankatha kuimbidwa mlandu, msinkhu umene tonse tikudziwa kuti ndi wa mwana wongoyamba kumene kugwira pensulo. Panali malo osungirako ana olakwa, a Chilwa ku Zomba ndi a Mpemba ku Blantyre, koma malo awiri sakadakwanira dziko lonse. Motero anyamata ambiri ankathera m'zitolokosi za apolisi ndi m'ndende za akuluakulu. Mwana wopezeka kuti wapha munthu sankanyongedwa, komabe ankasungidwa mpaka pamene Pulezidenti wafunira, osadziwa tsiku lotulukira.

Mu 1989 bungwe la United Nations lidavomereza pangano la ufulu wa ana, ndipo Malawi idalowamo mu 1991. Malamulo aakulu a dziko a mu 1994, pa gawo 42, adanenetsa kuti mwana womangidwa asungidwe padera ndi akuluakulu, ndiponso kuti kumutsekera ikhale njira yomaliza, kwa nthawi yochepa. Mawuwo ngokoma, koma padapita zaka 16 kuti Nyumba ya Malamulo iwapatse miyendo.

Lamulo la mu 2010 la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana ndilo lidasintha zambiri. Lidakhazikitsa makhothi a ana ndi kuletsa kuika mwana m'ndende. Chachikulu m'maso mwathu ndi njira yopatutsa mlandu kuti usafike pozengedwa. Ngati mlanduwo si waukulu ndipo mwana wavomera yekha kuti adalakwa, akhoza kupepesa kwa wolakwiridwa, kubweza chimene adaononga, kapena kulandira uphungu makolo ake akumuyang'anira. Ena amati uku nkulekerera ana. Ife sitikuona choncho: mnyamata wakuba nkhuku akaima pamaso pa mwini nkhukuyo, makolo ake ali pomwepo, manyazi ake amamuphunzitsa zimene chitolokosi sichingamuphunzitse. Ndipo makolo athu kumudzi ankaweruza milandu ya ana chimodzimodzi, pabwalo la mfumu, boma lisanailembe njirayi m'buku.

Pa nthawi yomweyo msinkhu woimbidwira mlandu udakwezedwa kufika pa zaka 10, ndipo mwana wosakwana zaka 14 sapezeka wolakwa pokhapokha zitatsimikizika kuti ankazindikira kuipa kwa zimene ankachita.

Padatsala mpata umodzi woopsa. Lamulolo linkati mwana ndi munthu wosakwana zaka 16, choncho a zaka 16 ndi 17 ankatha kuzengedwa ngati akuluakulu. Mu 2017 malamulo aakulu adakonzedwa kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Ngakhale zinali choncho, mu 2018 bwalo lalikulu lidachita kulamula kuti ana amene adapezeka m'ndende za Bvumbwe ndi Kachere achotsedwemo, zaka 8 chikhazikitsire lamulo loletsa zimenezi.

Mu 2019 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa ana idalangiza maiko kuti msinkhu woimbidwira mlandu usachepere zaka 14. Kwathu kuno malire akadali pa zaka 10.