Puma Pafupi ndi Nyumba za Kumidzi

Puma, yomwe ena amaitcha cougar, ndi chilombo cha mtundu wa amphaka chomwe chimapezeka kuyambira ku Yukon m'dziko la Canada mpaka kummwera kwa mapiri a Andes. Dzina lake la sayansi ndi Puma concolor. Ubweya wake ndi wotuwa mofiirira, wopanda mawanga ikakula, mchira ndi wautali wakuda kunsonga. Sibangula ngati mkango.

Chimene chimaikokera kufupi ndi anthu si anthuwo ayi, koma agwape, chakudya chake chenicheni. Agwape akazolowera kudya m'minda ndi m'mabwalo, puma imawatsata, ndipo ikafika imapezanso mbuzi, nkhosa ndi agalu ogona panja. Imayenda kwambiri kachisisira ndi m'mbandakucha. Ikapha, imakokera nyamayo pathengo, nkuikwirira ndi masamba, kenako nkumabwera kudzadya masiku angapo. Mapazi ake m'matope saonetsa zikhadabo, pomwe a galu amaonetsa; chizindikirochi nchofunika, chifukwa ambiri amene amati aona puma amakhala aona galu kapena mphaka wam'tchire wotchedwa bobcat.

Puma zamphongo zazing'ono ndizo zimasochera kutali pofuna malo awoawo. Mu 2011 imodzi inagundidwa ndi galimoto ku Milford, Connecticut, m'dziko la America, itayenda makilomita oposa 2,000 kuchokera ku South Dakota.

Kuluma munthu nkosowa. Mukakumana nayo musathawe: nyamulani mwana, tambasulani manja, kuwani, bwererani pang'onopang'ono mukuiyang'ana. Ziweto zigone m'khola lofolera pamwamba, pakuti mpanda wokha imaulumpha mosavuta.