Mbiri ya Mangochi isathere pa mfuti ndi sitima

Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi m'tauni ya Mangochi pali nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1971 m'nyumba imene azungu ankachezeramo kale. Tauniyi inayamba ngati Fort Johnston, linga lomwe atsamunda anamanga mu 1891 kuti atseke njira ya malonda a akapolo m'dera la Mfumu Mponda.

Zambiri zomwe alendo amadzaona kuno ndi za panyanja. Pali mbiri ya sitima ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann padoko lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Mfuti ya Guendolen ili pafupi ndi nsanja ya wotchi ya mu 1903 yokumbukira Mfumukazi Victoria, pamodzi ndi chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946.

Komatu mbiri imakhalanso m'katundu wa m'nyumba, ndipo anthu a ku Italy anazindikira zimenezi kalekale. M'zaka za m'ma 1400, mabanja olemera a ku Florence ankakhometsa mabokosi aakulu a ukwati otchedwa cassone, ojambulidwa zithunzi, oti mkwatibwi asungiremo nsalu zake. Mu 1588 Ferdinando de' Medici anakhazikitsa mumzindawo malo a amisiri okongoletsa matebulo ndi makabati ndi timiyala tamitundumitundu. Kabati imodzi yochokera kumeneko, Badminton Cabinet, inagulitsidwa pa mapaundi 19 miliyoni ku London mu 2004, n'kukaikidwa m'nyumba yosungira zakale ku Vienna. Poyang'ana bokosi limodzi lokha, akatswiri amadziwa za ukwati, malonda ndi luso la nthawi imeneyo.

Nako kuno luso silinasowe. Amisiri a m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay amaluka mikeka ndi madengu a mlaza, ndipo ena amasema mipando ya mafumu ya matabwa awiri olowetsana, yopanda msomali. Vuto n'lakuti mtengo ndi mlaza sizipirira chiswe ngati chitsulo cha mfuti.

Choncho ngati pakhomo panu pali mpando, chitseko chosema kapena bokosi la agogo, musalisandutse nkhuni. Funsani akuluakulu amene analipanga, lembani dzina lake, ndipo kadziwitseni osunga zakale.