Kuchoka pa koloboyi kufika pa sola

Anzanga a m'gulu muno, mukamadutsa mumsewu wa M5 pakati pa Mtakataka ndi Golomoti, tadzaponyani maso pamadenga. Mudzaona timapanelo takuda, tina pamalata, tina tangotsamira paudzu. Kodi tinafika bwanji pamenepa?

Ansembe a White Fathers akufika pa Mua mu 1902, makolo athu ankaunikira moto wa nkhuni ndi miuni ya udzu. Kenaka kunabwera palafini ndi koloboyi, uja wosiya mwaye m'mphuno. Magetsi a pa Nkula, pamtsinje wa Shire, anayamba mu 1966, koma mawaya ake anathamangira m'matauni, midzi yambiri n'kutsala mumdima. Palafini atakwera mtengo tinagwira matochi a mabatire, ndalama n'kumathera momwemo.

Nthawi yonseyi nzeru ya sola inalipo kale. Akatswiri a Bell Labs ku America anaionetsa mu 1954, kungoti inali yodula moti inkagwira ntchito pamasetilaiti. Mafakitale a ku China atayamba kupanga mapanelo ochuluka, mtengo unatsika mpaka anafika m'misika yathu, ena olipira pang'onopang'ono pafoni.

Kagwiridwe kake n'kotere. Panelo imasandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi. Kuwala, osati kutentha ayi, n'chifukwa chake fumbi kapena mthunzi wa mtengo wa mango umaifooketsa. Magetsiwo amadutsa pa kontirola, mlonda woletsa batire kudzaza mopyola kapena kuumiratu. Batire ndiyo nkhokwe, imasunga zamasana kuti mudye usiku. Mababu a sola amayaka ndi magetsi a batirewo, nthawi zambiri mavoti 12, koma chipangizo chopangidwira magetsi a ESCOM chimafuna invata yowakweza kufika pa 230.

Tsono imvani izi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Kuthimathima kunafika posauzana. Chaka chomwecho pa Golomoti pathu pompano anatsegula munda wa sola wa mamegawati 20, womangidwa ndi JCM Power ndi InfraCo Africa. Eni ake sanangoyala mapanelo basi, anaikanso mabatire akuluakulu a mamegawati 5, podziwa kuti dzuwa limalowa ndipo mtambo subwera molawira.

Magetsi a pa Golomoti amalowa m'mawaya a ESCOM n'kupita kutali. Nyumba imene waya sunafike ikudalirabe kapanelo kake. Ndiye inu mukamagula, musakopeke ndi kukula kwa panelo kokha. Ambiri amalumikiza panelo ku batire ya galimoto popanda kontirola, pakangopita miyezi batire yafa, ndalama ya chimanga chonse yapita, mwana wa Sitandade 8 wabwerera pa tochi. Funsani za batire ndi kontirola kaye, za panelo pambuyo.