Mmene kolera inasinthila funso la m'mawa

Ife amene tinakulila m'makomboni a Lusaka m'zaka za m'ma 1990 tinali ndi lamulo limodzi panyumba: ngati ungathe kuimilila, ungathenso kupita kusukulu. Amai anali kukugwila pamphumi, kukupatsa Panadol, basi, nyamula mabuku. Kulova unali mlandu. Mwana wodwala cimfine kapena maso ofiila anali kukhala pa desiki imodzi ndi anzake atatu, ndipo palibe amene anali kufunsa za anzakewo. Matenda a mwana inali nkhani ya banja lake cabe.

Kolera ndiyo inayamba kugwetsa maganizo amenewa. Mliri umene unabuka mu October 2017 unakantha kwambili Kanyama ndi Chipata compound. Pofika January 2018, asilikali anali m'misewu kucotsa ogulitsa malonda, Heroes Stadium inasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe pa tsiku lake. Ambili a ife tinamva koyamba boma likunena poyela kuti mwana mmodzi wotsegula m'mimba, pasukulu yokhala ndi zimbudzi zocepa ndi pompi youma, angadwalitse kalasi yonse.

Kenaka Covid-19 inatseka masukulu pa 20 March 2020. A Giredi 7, 9 ndi 12 anabwelela mu June, ena onse mu September, ndipo anapeza ndowa ya madzi ndi kacipangizo kopimila kutentha kwa thupi pageti. Mwana wotentha thupi anali kubwezedwa. Tangoganizani: mphunzitsi amene kale anali kukwapula wolova, lomba ndiye anali kunena kuti bwelela kunyumba!

Kolera inabwelanso cakumapeto kwa 2023, ndipo mu 2024 inakantha mwaukali kuposa kale. Masukulu anayenela kutsegulidwa pa 8 January, tsiku linasunthidwa kufika pa 29 January, kenaka pa 12 February. Anthu mazanamazana anamwalila.

Koma miliri ikapita, boma limacoka pageti, ndipo cosankha cimabwelela kwa ife, 6 koloko m'mawa, madzi osamba ali pa mbaula. Apa ndiye pobvuta. N'capafupi kulalikila pa wailesi kuti mwana wodwala akhale panyumba. Nanga mai wogulitsa tomato ku Soweto Market amusiya ndi ndani? Tsiku limodzi osagulitsa, madzulo palibe ndiwo. Sitingamuweluze. Komabe kuyambila 2022, pamene maphunzilo anakhala aulele, makalasi ambili a boma ndi odzala kwambili, ndipo wodwala mmodzi amakhudza ana ambili kuposa m'nthawi yathu.

Ife tiona kuti zaka zimenezi zinatisiyila malile omveka. Mwana amene akutsegula m'mimba kapena kusanza asapite kusukulu. Ayambe kumwa ORS, ndipo ngati cimbudzi cili ca madzimadzi monga otsukila mpunga, thamangani naye kukiliniki nthawi yomweyo. Wotentha thupi nayenso akhale, akapimidwe. Malungo sayambukila mnzake wa pa desiki, koma sacedwa kufooketsa mwana, ndipo Panadol imangobisa kutentha kwa maola ocepa. Tizilonda twa cikuku kapena nthomba, ndi maso ofiila otuluka manthongo, n'cimodzimodzi. Kacimfine ka m'mwezi wa June, mwana akudya bwino ndi kusewela, sikomulepheletsa masamu. Ndipo mimba imene imawawa pa tsiku la mayeso cabe, ija tonse tiidziwa.