Tanthauzo la mawu akuti "banjo"

M'makomboni a mu Lusaka, monga Kanyama ndi Chawama, mawu akuti "banjo", omwe kwawo ku America amatchula choimbira cha nkhope yozungulira ngati ng'oma, amatanthauzanso gitala yopanga pamanja ndi chitini, thabwa ndi waya, yomwe inatchuka ndi nyimbo za kalindula. Mtengo wa banjo yotere umatsika pogulitsanso, chifukwa wogula sapeza dzina la kampani loti alidalire. Vuto lomweli limagwera gitala yamagetsi yolumikiza kuchokera ku ziwalo zosiyanasiyana, pakuti ngakhale italira bwino kuposa yopangidwa ndi kampani ya Fender, mwini wake kawirikawiri amapeza ndalama zambiri akaiphwasula n'kugulitsa khosi, thupi ndi mapikapu, omwe ndi timaginito totola kulira kwa zingwe, chilichonse pachokha.