Boma Likatenga Malo a Munthu

Ine ndimakhala ku Northmead. Ndikatsata mseu wa Great East kulinga kum'mawa, ndisanatope ndafika pa Manda Hill, pamene pali Nyumba ya Malamulo, ndipo patsogolo pang'ono pali Mulungushi Hall. Malo awiriwa ndiwo amandikumbutsa funso lakale: kodi Boma likatenga malo a munthu, limlipira ciani?

Akulu amati pa Manda Hill ndipo panali mudzi wa mfumu Lusaaka, mwini dzina la mzinda uno. Njanji inafika kuno m'caka ca 1905, ndipo Azungu anayamba kudula mafamu m'mbali mwace. Asoli ndi Alenje anasunthidwa, pakuti munthu wakuda analibe kalata ya munda wace, ndipo wopanda kalata analibe cosonyeza pa bwalo la Azungu. Likulu la dziko litacoka ku Livingstone kudza kuno mu 1935, nthaka yomweyo inakwera mtengo.

Pamene tinalandira ufulu mu 1964, malamulo akulu a dziko anacinjiriza eni makalata aja, ngakhale ena amene anabwerera kwao ndi kusiya malo atamera thengo. Cifukwa cace pa 17 June 1969 anthu anaponya voti yolola Nyumba ya Malamulo kusintha malamulowo, ndipo mu 1970 munatuluka lamulo lotengera malo. Lamuloli linati Pulezidenti angathe kutenga malo ali onse ngati aona kuti dziko lipindula nawo. Mwini ayenera kulandira kalata yomcenjeza, ndi kupatsidwa miyezi yosacepera iwiri asanacoke. Alipidwe ndarama, kapena apatsidwe malo ena. Koma malo amene mwini sanamangepo kanthu analibe malipiro.

Tsono pa 30 June 1975, m'Mulungushi Hall muja, a Kenneth Kaunda anapitiriza nkhaniyi. Makalata onse a muyaya anasanduka a kubwereka kwa zaka 100, popanda kulipira mwini ndi khobidi lomwe, ndipo kunanenedwa kuti nthaka payokha ilibe mtengo. Cogulitsa ndico nchito imene munthu wagwirapo.

Amalume anga, amene anakulira ku midzi ya ku Cipata, anakondwera nalo lamulo limeneli. Iwo anali kunena kuti si lacilendo ai, pakuti kwathu mfumu imagawa munda, ndipo cako ndi nyumba, nkhokwe ndi mango amene unaoka wekha; dothi suligulitsa, cifukwa sunaliumbe ndiwe. Ine ndiwabvomereza amalume pa za kumudzi, koma m'tauni zinayenda mwina. Poloti ya ku Kabulonga ndi ya ku Kabwata sizinalingane m'maso mwa ogula, lamulo linene cimene linganene. Cotero mtengo wa dothi unangobisala m'mtengo wa njerwa: munthu anali kuika maziko kapena kampanda, ndi kukagulitsa ngati nyumba yonse.

Lamulo la 1975 linafafanizidwa mu 1995. Nthaka yonse inakhalabe m'manja mwa Pulezidenti, makalata nakhala a zaka zosapitirira 99, koma mtengo wa dothi unabwerera poyera. Malamulo akulu a 1991, pa ndime 16, anati wolandidwa cuma alipidwe mokwanira, ndipo akapanda kumvana ndi Boma pa mtengo, aweruze ndi a khoti.

Mmodzi wa oyamba kuyesa njira imeneyi anali UNIP yomwe. Itacoka pa mpando mu 1991, Boma latsopano linatenga cinyumba cacitali cimene cipanico cinali kumanga pa Independence Avenue kuti cikhale likulu lace, ndipo linacitenga ndi lamulo lomwe lija la 1970. Mlandu unakwera kufikira ku khoti lalikulu koposa, ndipo mu 1994 UNIP inagonja. Cinyumbaco cinasanduka maofesi a Boma.