Mowa Wakuda wa Mafumu a ku Russia: Mbiri ya Imperial Stout



Mwezi wathawu mdzukulu wanga wina amene amagwira ntchito ku England adabwera kudzationa, ndipo mwa mphatso zimene adanditengera mudali kabotolo kakang'ono ka mowa wakuda bii ngati mwaye. Pondipatsa adati, "Agogo, uwu ndi imperial stout. Chonde musaugugudize ngati wa m'chipanda." Ine ndidaseka, poti mwana wa dzulodzuloli akadandiphunzitsa chiyani za mowa? Nditaulawa ndidaumva kutsekemera, ndipo theka la tambula lidatsika mosavuta. Koma pamene ndimati ndiimirire, mawondo adayamba kundikana. Apo m'pamene ndidakumbukira kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Manyazi a tsiku limenelo ndiwo adandichititsa kufufuza kumene mowa umenewu udachokera.

Nkhaniyi iyambira mumzinda wa London m'zaka za m'ma 1720. Nthawi imeneyo kudatchuka mowa woderako wotchedwa porter, dzina limene lidachokera kwa amtengatenga amene ankanyamula katundu m'misewu ndi m'madoko a mtsinje wa Thames, chifukwa iwowa ndiwo ankaukonda kwambiri. Udali mowa wa anthu a thukuta, wotsika mtengo, wofululidwa wochuluka nthawi imodzi ndi kusungidwa miyezi m'migolo ikuluikulu ya matabwa. M'Chingerezi cha masiku amenewo, mawu akuti stout ankatanthauza chinthu champhamvu. Choncho porter waukali kuposa unzake ankatchedwa stout porter, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu adafupikitsa nangoti stout. Dzina lomwelo ndi limene timaliona pa mabotolo a mowa wakuda kuno kwathu.

Pakati pa ofulula mowa a mu London padali bambo wina dzina lake Henry Thrale, mwini fakitale ya Anchor ku dera la Southwark, kum'mwera kwa mtsinje. Iyeyu adali bwenzi la Samuel Johnson, katswiri uja adalemba dikishonale yotchuka ya Chingerezi. Thrale atamwalira m'chaka cha 1781, Johnson adali mmodzi mwa oyang'anira chuma cha masiye, ndipo fakitaleyo idagulitsidwa pa mtengo wa mapaundi 135,000 nitenga dzina lakuti Barclay Perkins. Fakitale imeneyi ndiyo idamveka kwambiri potumiza porter waukali ku maiko a m'mbali mwa nyanja ya Baltic, mpaka ku St Petersburg, ku nyumba ya Mfumukazi Catherine wachiwiri, amene adalamulira Russia kuyambira 1762 kufikira 1796.

Pano ndiyenera kuwongola nthano ziwiri, pakuti mphunzitsi sasiya choko ngakhale atapuma. Yoyamba imati Mfumu Peter ya ku Russia ndiyo idaukonda mowa umenewu pamene idakacheza ku England. N'zoona kuti Peter adafikadi ku England, koma chidali chaka cha 1698, porter asanabadwe n'komwe. Munthu sangakonde ndiwo zimene sizinaphikidwe. Yachiwiri imati mowawu adaupanga waukali dala kuti usaundane ndi chisanu pa ulendo wa panyanja. Nthanoyi imakoma m'khutu, koma akatswiri a mbiri ya mowa amaikayika, chifukwa mowa wina wosafika ukali umenewo unkayendanso ulendo womwewo. Chifukwa chomveka n'chakuti olemera a ku Russia ankakonda chakumwa chaukali, ndipo ndalama zolipirira adali nazo. Ukaliwo udathandiza kuti mowa usawonongeke msanga, koma chimene chidaubereka ndi msika. Mawu akuti imperial, amene amanena za ufumu waukulu, ofulula a m'zaka za m'ma 1800 ankawaika pa mowa wawo woposa wonse.

Tsono kuda kwake ndi kutsekemera kwake zimachokera kuti? Apa agogo anu aakazi akadamva msanga kuposa ophunzira ambiri, chifukwa chinsinsi chake ndi chimera. Monga ife timanyika mawere kapena chimanga kuti zimere, kenako n'kuyanika ndi kusinja, Angerezi amachita chimodzimodzi ndi barele. Kusiyana kwake n'kwakuti gawo lina la chimera chawo amalikazinga mpaka lide ngati khofi. M'chaka cha 1817 munthu wina wotchedwa Daniel Wheeler adapanga chiwiya chozungulira chokazingira chimera popanda kuchisandutsa makala, ndipo kuchokera pamenepo porter ndi stout zidayamba kudadi bii, pamene kale zidali zoderako chabe.

Za kutsekemera, ganizirani thobwa ndi masese. Thobwa limatsekemera chifukwa shuga wa m'chimera akadali momwemo. Likasiyidwa masiku kuti liwire, shugayo amasanduka ukali, kutsekemera n'kutha. Wofulula imperial stout amathira chimera chochuluka zedi m'madzi ochepa, kotero kuti yisiti amagwira ntchito mpaka kutopa osamaliza shuga yense. Mapeto ake mowa umatuluka uli ndi zonse ziwiri, ukali ndi kutsekemera. Ukali wake nthawi zambiri umakhala pakati pa 8 ndi 12 peresenti, pamene mowa wamba wa m'botolo umakhala cha m'ma 5 peresenti. Kuti kutsekemerako kusafike pokola, amathiramo maluwa owawa a chomera chotchedwa hops, amenenso amateteza mowa kuti usasase.

M'zaka za m'ma 1800 malonda amenewa adakula m'manja mwa kampani ya A. Le Coq, imene inkagula stout ku London, kuthira m'mabotolo ndi kutumiza ku Russia. Koma boma la Russia lidakweza misonkho, ndiponso anthu achinyengo adayamba kugulitsa mowa wawo m'dzina la kampaniyo. Pofuna kuzemba mavuto awiriwa, cha m'ma 1912 kampaniyo idagula fakitale mumzinda wa Tartu, umene lero uli m'dziko la Estonia koma panthawiyo udali pansi pa ufumu wa Russia. Paja chakudza sichiimba ng'oma. M'chaka cha 1914 kudabuka nkhondo yaikulu, ndipo boma la Russia lidaletsa malonda a mowa. M'chaka cha 1917 ufumu weniweniwo udagwa. Mowa wa mafumu udatsala wopanda mafumu.

Ku England udapitirira ngati nkhalamba yoiwalika pa khonde. Barclay Perkins idaphatikizana ndi kampani ya Courage m'chaka cha 1955, ndipo Courage idapitiriza kuufulula pang'onopang'ono, m'timabotolo ting'onoting'ono tolembedwa chaka chimene mowawo udafululidwa, kufikira 1993 pamene idaleka. Akadathera pomwepo, koma mbewu idali itagwera kale m'nthaka ina. M'zaka za m'ma 1980 fakitale ya Samuel Smith ya ku Yorkshire idayamba kutumiza imperial stout ku America, ndipo ofulula ang'onoang'ono a kumeneko adautengera ndi manja awiri. M'zaka za m'ma 1990 fakitale ya Goose Island ku Chicago idayamba kuusunga m'migolo imene kale mudali kachasu wa ku America wotchedwa bourbon, ndipo mchitidwe umenewu udafalikira m'maiko ambiri. Mowa umene udatsala pang'ono kufera kwawo udapulumukira kuchilendo.

Mdzukulu uja adali atabweretsa timabotolo tiwiri, choncho madzulo ena ndidamuitana kuti andiphunzitse, poti safunsa adadya phula. Adakana kuti mowawo uzizire kwambiri, nati kuzizira kumabisa fungo. Adauthira m'tambula mosafulumira, ndipo udatsika wolemera ngati mafuta, pamwamba pake n'kuyala thovu la mtundu wa dothi la kudambo. Adati ndiyambe ndanunkhiza. Ndidamva khofi wokazinga, shuga wopserera pansi pa mphika, ndi kafungo ka zipatso zouma. Nditamwa pang'ono n'kuusunga m'kamwa, kutsekemera ndiko kudatsogola, kenako kuwawa kwa chimera chopserera, ndipo pomalizira kutentha kudatsika pakhosi mpaka pachifuwa. Tambula ikufunda m'manja, kakomedwe kankasintha. Kabotolo kamodzi tidagawana anthu awiri, ndipo kadatitengera ola lathunthu, uku tikukamba za agogo ake aakazi ndi za sukulu zimene ndidaphunzitsako.

Adandiuzanso kuti mowa umenewu ukasungidwa bwino zaka zingapo, kuwawa kwake kumafewa ndipo umakoma kuposa uli watsopano. Ndidamuyankha kuti makolo athu adaidziwa kale nzeru imeneyo pamene adati mawu a akulu akoma akagonera.

M'zaka zanga za uphunzitsi ndidaika m'manda anzanga anzeru, ndi anyamata amene ndidawaphunzitsa ndekha kugwira pensulo, chifukwa cha zakumwa zaukali zimene ankathamangira kuti aledzere msanga. N'chifukwa chake sindikulemba izi kuti ndikukopeni. Amene simumwa, khalani choncho, simukutaya kanthu. Koma amene mwakula ndipo mudzakumana ndi mowa umenewu kumene mukuyendako, kumbukirani kuti wofulula adaudikira miyezi, ndipo mbiri yake yadutsa zaka zoposa 200. Thirani pang'ono, gawanani ndi mnzanu, khalani pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsalani bwino, adzukulu anga, mpaka tidzachezenso.